Matope a Achimwene

"Nunkhizani! Ndati nunkhizani, musayang'ane kumbali!"

Make Mzime anatsitsa ndowa patebulo mwamphamvu moti madzi anatayikira pa malaya a mwamuna wake. Madziwo anali obiriwira, a thovu pamwamba, ndipo fungo lake linadzaza chipinda chonse ngati mwafera khoswe.

"Chotsa zimenezi apa, ndikumwa tiyi," anatero mwamunayo.

"Imwani. Mukamaliza mutsukire m'kamwa ndi amenewa. Si anu omwe? Dzulo ndani anapotokola chigudumu chija kumadamu?"

"Ndi ntchito, amake Mzime. Ndikakana ine, mawa alemba wina. Madzi adzabwerabe, koma ife tidzagona ndi njala."

"Njalayo yalowa kale, mwina inu simunaione. Tsikirani kudimba. Tomato wanga wapsa masamba ngati ndamuthira madzi owira. Abakha anali khumi ndi mmodzi, atsala atatu. Nanga uyu?"

Anakoka mwana wawo wamkazi, Mzime, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene anali atabisala kuseri kwa chitseko. Anamukweza diresi mpaka m'mawondo. Miyendo yonse inali zilonda, zina zouma, zina zikutuluka madzi.

Bamboyo anatsitsa kapu. "Ndinamuletsa kusewera kumtsinje."

"Nanga asambe chiyani? Chitsime nacho chayamba kununkha. Mukufuna ndizimusambitsa malovu?"

Madamu a nsombawo analipo asanu ndi limodzi, kumtunda kwa mtsinje. Mwini wake anali Khansala wa deralo, amenenso anali mchimwene wake wa make Mzime, bere limodzi. Masabata awiri aliwonse madzi a m'madamumo ankakhala atavunda ndi chakudya chotsala, zitosi za nkhuku ndi mankhwala, ndipo ankawatulutsira mu paipi yaikulu. Paipiyo inkatsegulidwa ndi chigudumu chachitsulo chokhoma ndi loko. Kiyi wake ankasunga bambo a Mzime.

"Akanakhala munthu wakudza ndikanati sakutidziwa," anapitiriza mayiyo. "Koma achimwene anga enieni, amene anakulira mumtsinje womwewu!"

"Ndiye ukawauze iwowo. Ine ndine wantchito chabe."

"Ndikupita. Inu tsalani ndi tiyi wanu."

Nyumba ya Khansala inali yatsopano, ya malata ofiira, yozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa. Anaimanga m'munsi pang'ono mwa madamu. Make Mzime anadzera njira yakuseri, motsata ngalande ya madzi oipawo. Pafupi ndi mpanda ngalandeyo inagawikana pawiri. Nthambi yakale inkalowa pabowo la m'munsi mwa mpanda n'kudutsa pabwalo la nyumba, koma imeneyo inali yotseka ndi matumba a mchenga osanjikiza mwaluso. Nthambi yatsopano inkakhotera kumanzere n'kulunjika kumtsinje wa anthu. Anaima pamphambanopo kanthawi, kenako anapitirira.

Anawapeza achimwene ake pakhonde, miyendo ataisanjika pampando wina, foni ili kukhutu. Anadikira mpaka atamaliza.

"Chemwali! Kwagwanji m'mawa uno?"

"Kwagwa madzi anu, achimwene. Dimba langa latha. Mzime miyendo yonse ndi zilonda."

"Ayi, iwenso wayamba kulankhula ngati anthu a chipani chinacho? Ukudziwa ndi mabanja angati akudya chifukwa cha madamu amenewa? Mwamuna wako yemwe ndinamutola akungoothera dzuwa pamsika."

"Alangizi aja atabwera ananena tonse tikumva kuti pakumbidwe damu lina kumunsi, lodzalamo bango, loti madzi oipa azikhazikikamo kaye asanafike kumtsinje. Lili kuti?"

"Lilipo. Ndi lomaliza lija. Ndinaona kuti n'kuwononga malo, ndinaikamo nsomba."

"Ndipo madamuwo ndi a ndani kodi? Pachikwangwani chili pageti analemba kuti ndi a kalabu ya amayi. Tinasaina amayi makumi awiri. Ine munandiyambitsa, akuti mlongo wanu akasaina ena saopa. Chisainire palibe mayi amene anapondako."

Khansala anaseka, n'kutsitsa miyendo pampando. "Mapepala ndi mapepala, chemwali. Thandizo silikanabwera m'dzina la munthu mmodzi. Mukanayendetsa inu madamu? Kalabu yanu ija inalephera ndi nkhuku zomwe."

"Sindinabwerere nsomba zanu. Ndabwerera mwana. Ndi mwana wa mlongo wanu ameneyu, amakuitanani amalume."

"Mwanayo uzimusambitsa ndi sopo. Ana a pakhomo pa uve amatuluka zilonda kulikonse, kaya kuli madamu kaya kulibe."

Make Mzime anamva makutu ake akutentha. Mlamu wake, mkazi wa Khansala, anali atangotulukira pakhomo ndi makapu awiri a tiyi. Atamva mawuwo anaima, n'kuyang'ana pansi.

"Uve," anabwereza make Mzime. "Chabwino, achimwene. Ndamva."

Tiyi sanamukhudze.

Lolemba anakwera minibasi kupita ku ofesi yoona za chilengedwe, atanyamula madzi a mumtsinje m'botolo. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Atalowa anapeza bwana wonenepa, wovala tayi, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Bwanayo anamvetsera theka la nkhani, n'kukankhira botolo kumapeto kwa desiki ndi cholembera.

"Dandaulo lotere limayenera kubwera ndi kalata, mayi."

"Yochokera kwa ndani?"

"Kwa khansala wa dera lanu. Akadinda chidindo chake, ife timanyamuka."

"Bwana, madamuwo ndi a khansalayo."

"Ndondomeko sindinailembe ine. Komanso tinapitako mwezi watha, madzi tinawapeza ali bwinobwino."

"Munapita kumtsinje kapena kunyumba kwake?"

"Mayi, panja pali anthu ena."

Potembenuka, make Mzime anaona ndowa yabuluu pakona, yovundikira ndi nyuzipepala. Mchira wa nsomba unkaonekera. Pambali pa ndowayo panali nambala yolemba ndi penti yoyera, folo wokhota ngati mpando wothyoka. Folo ameneyo anamudziwa. Ndowa zonse za kumadamu analemba manambala ndi mwamuna wake.

Anatola botolo lake. "Mudye bwino, bwana," anatero potuluka.

Patangopita masiku anayi Mzime anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Pofika masana maso anali atalowa m'kati, khosi litafooka. Make anamubereka kumbuyo n'kuthamanga naye kuchipatala, ndipo anamwino anavutika kupeza mtsempha woti abayepo diripi. Nthawi ina mwanayo anatembenuza maso, mayiyo n'kukuwa mpaka odwala a m'chipinda china anatulukira. Koma mpweya unabwerera.

"Mumatunga kuti madzi?" anafunsa namwino wamkulu zinthu zitadekha.

Make Mzime anatchula mtsinje.

"Ndinadziwa. Uyu ndi wachisanu sabata ino. Onani bedi ilo."

Pabedi loyandikana panagona mwana wa mayi wosoka zovala, mnzake wa make Mzime wa mu kalabu. Amayi awiriwo anangoyang'anana.

Tsiku lachitatu Mzime ali m'chipatala, Khansala anatulukira m'wodi atavala malaya a kampeni, chifukwa chisankho chinali pafupi. Kumbuyo kwake kunali munthu wojambula zithunzi ndi wina wonyamula ndowa yabuluu.

"Ndamva za mwana wa mlongo wanga, mtima unandiwawa kwambiri," anatero mokweza kuti wodi yonse imve. "Ndabweretsa nsomba, ana apeze mphamvu. Jambula apa, ndowayo ioneke."

Anagwira dzanja la Mzime lomwe linali ndi diripi, n'kumwetulira kuyang'ana kamera. Wosoka anadzuka kuti alankhule, koma make Mzime anamugwira mkono.

Khansala anawerama n'kutsitsa mawu. "Chemwali, zakale zija tiziiwale. Loweruka la sabata yamawa kukubwera akuluakulu ochokera ku likulu, pamodzi ndi a bungwe lija linatithandiza. Akufuna aone madamu, mwina awonjezere ena khumi. Mwambo udzachitikira pabwalo panga. Ndikufuna amayi a kalabu nonse mudzabwere mutatchena, mudzakhale poonekera. Akadzakufunsani, madamu ndi anu."

"Ena khumi," anatero make Mzime.

"Khumi! Waona kumene tikupita?"

"Ndaona. Tidzabwera, achimwene. Musade nkhawa."

Atachoka, wosoka anamutembenukira. "Wapenga? Ukamuombere m'manja munthu ameneyu?"

"Ndani wanena za kuomba m'manja? Msana wako uli bwanji masiku ano, ungathe kunyamula thumba la mchenga?"

Mzime anatuluka m'chipatala Lachitatu, ataonda ngati kabango. Sabata yonseyo mtsinje unaoneka woyerako. Khansala anali atalamula kuti paipi isatsegulidwe mpaka alendo atabwera n'kupita, choncho madzi ovunda a masabata atatu anangodzazana m'madamu.

Lachisanu masana, antchito onse ali kalikiliki kudzutsa tenti ndi kupenta miyala ya m'mbali mwa msewu, make Mzime ndi wosoka uja anapita kuseri kwa mpanda wa Khansala atanyamula zikwakwa ngati okamweta udzu. Anachotsa matumba a mchenga panthambi yakale, limodzilimodzi, n'kukawasanja panthambi yopita kumtsinje. Pomaliza anaphimba ndi udzu. Make Mzime anasuzumira pabowo la mpanda. Anaona miyendo ya mipando yoyera itandandalikidwa mizeremizere, ndi kapeti yofiira yolunjika pakhonde.

Mwamuna wake ataweruka anamupeza akuchapa matope m'zikhadabo.

"Ndikufuna kiyi," anatero mayiyo osatembenuka.

"Kiyi wanji?"

"Muli ndi makiyi angati, bambo a Mzime? Wa galimoto?"

Bamboyo anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndaona udzu uja kuseri kwa mpanda. Ndinadziwa kuti ndi manja ako."

"Mwawauza?"

"Ndikanawauza bwenzi uli pano? Koma tamvera, mkazi wanga. Ukufuna undimangitse? Kiyi ndi mmodzi, ndipo aliyense akudziwa amene amasunga."

"Ndidzanena kuti ndinakuberani."

"Ndi mlongo wako ameneyu. Ukachita zimenezi ubale watha. Maliro akadzagwa mudzayang'anana bwanji?"

"Maliro anatsala pang'ono kugwa sabata yatha. Mzime atatembenuza maso inu munali kuti? Munali mukumwaza chakudya cha nsomba."

"Ndinabwera nditaweruka!"

"Mukanapeza nsalu itaphimba nkhope."

Bamboyo anagwira mutu ndi manja onse. "Ukuganiza kuti ine sizindipweteka? Nthawi iliyonse ndikamapotokola chigudumu chija ndimatsinzina."

"Mukatsinzina madziwo amabwerera?"

"Nanga mlamu wako wakulakwira chiyani? Madziwo sadzathera pabwalo. Khonde lija ndi lotsika, adzalowa m'nyumba."

"Alowe. Ana asanu anagona m'chipatala aja analakwira ndani? Ndinapita kwa achimwene, ananditcha wauve. Ndinapita ku ofesi, ndinapeza ndowa yanu itandiyambirira kufika. Tsopano akufuna madamu ena khumi, ine n'kumaseka pachithunzi. Ndikufuna tsiku limodzi lokha aponde zimene mwana wanga anamwa. Tsiku limodzi, atavala nsapato zawo zabwino zija."

"Ndipo Lolemba tidzadya chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma tidzadya tilipo tonse."

"Kiyi sindikupatsa," anatero bamboyo, n'kutuluka panja.

M'mawa mwake anavala ovolosi yatsopano imene antchito onse anapatsidwa chifukwa cha alendo. Anamwa tiyi. Anaweramira Mzime amene anali chigonere pamphasa, n'kuyang'ana miyendo yake nthawi yaitali. Atafika pakhomo anaima, nkhope ikuyang'ana kunja, n'kulankhula ngati akuuza chitseko.

"Chigudumu chija chimalimba poyamba. Chimafuna kupondera ndi phazi, kumanzere. Ndipo pakamwa pa paipi pali sefa wa waya. Munthu akapanda kumukoka, amangotuluka madzi okha, matope amatsala."

Anapita. Pansi pa kapu yake panali kiyi.

Alendo anafika ndi galimoto zisanu. Anawayendetsa m'mphepete mwa madamu awiri akutsogolo, amene anali atawoledwa ndere m'mawa womwewo, n'kuwaonetsa nsomba zonenepa m'ukonde. Kenako onse anatsikira kutenti. Kutsogolo kunakhala mlendo wolemekezeka wochokera ku likulu, mayi wa magalasi wochokera ku bungwe lothandiza, bwana wa tayi wa ku ofesi ya chilengedwe uja, ndi atolankhani. Amayi a kalabu anawakhazika pambali, poonekera bwino.

Khansala atagwira chimkuzamawu, make Mzime anadzuka ngati wopita kukataya madzi. Anatuluka pageti, n'kukwera kumadamu. Kunalibe munthu, onse anali atapita kukamvera zolankhula. Loko anatseguka mosavuta. Analowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kukoka sefa wa waya, n'kumuponya kutsidya. Kenako anagwira chigudumu. Chinakana. Anapondera ndi phazi, n'kukankha ndi thupi lonse, mano ataluma mlomo. Chinalira kwiii, n'kuyamba kuzungulira. Sanasiye mpaka chitafika pamapeto.

Paipi inatsokomola kawiri, kenako inasanza. Poyamba anatuluka madzi obiriwira, pambuyo pake matope akuda bii, olemera, osakanikirana ndi nsomba zakufa zimene zinamira kalekale. Fungo lake linamubweza m'mbuyo ngakhale iye amene analizolowera. Anaponya kiyi m'damu, n'kutsika osathamanga, akuyenda limodzi ndi matopewo m'mbali mwa ngalande.

Analowa pageti Khansala ali pakati pa mawu.

"Ndipo chonyaditsa kwambiri, alendo athu, n'chakuti ulimi wathu ndi wosamala chilengedwe. Dontho lililonse lotuluka m'madamu athu..."

Anayamba kukuwa ndi anthu a mzere wakumbuyo. Matope anatumphuka pabowo la mpanda n'kuyala pabwalo ngati bulangete lakuda. Anadutsa pansi pa mipando, n'kumeza kapeti yofiira. Anthu anakweza miyendo, ena anathawa n'kuterereka, mipando ikugwa. Chimkuzamawu chinalira mokhadzula n'kuzima. Bwana wa tayi anakwera pampando wa pulasitiki, mpandowo n'kutambasula miyendo, iye n'kukhala pansi phwatha, m'matope mpaka m'chiuno. Nsomba zamoyo zinkaphiriphitha pakati pa zakufa. Matope anakwera sitepe imodzi ya khonde n'kulowa pabalaza.

Mlendo wolemekezeka anatseka mphuno ndi kampango. "Kodi chikuchitika n'chiyani pano? A Khansala!"

Khansala anadziyang'ana m'miyendo. Thalauza lake loyera linali lakuda mpaka m'mawondo.

Make Mzime anayenda m'matopemo mpaka kutsogolo, chovala chikudontha.

"Palibe chachilendo, bwana. Awa ndi madzi amene timamwa ife kumunsiku. Lero angosokera njira."

"Inu ndinu ndani?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Ndine mwini madamu. Dzina langa ndi loyamba papepala lanu lija. Lero ndi tsiku langa loyamba kugwira ntchito kumeneko."

Wosoka anali atafika kale ndi mwana wake m'manja. Anamuvundukula miyendo pamaso pa atolankhani. Amayi ena a kalabu, amene sanadziwe kalikonse za chiwembucho, anayamba kulankhula onse nthawi imodzi, wina za mbuzi zake, wina za chitsime, wina za mwana amene anali akadali m'chipatala. Mafoni anali m'mwamba ponseponse.

"Mfiti iwe!" anakuwa Khansala. "Wandipha! Mlongo wanga weniweni!"

Anamuthamangira dzanja lili m'mwamba, koma linagwidwa lisanatsike. Anali bambo a Mzime.

"Alamu, dzanja pansi."

"Iwe! Ndiwe wamupatsa kiyi!"

"Ndine. Ndipo paipi ija ndakhala ndikutsegula ndine, chaka chathunthu, inu mukundituma. Amene akufuna masiku ake andifunse, ndiwatchula."

Pakhomo la nyumba panaima mlamu uja, atanyamula chithunzi cha ukwati wake ndi nsapato za ana, matope akudutsa pakati pa miyendo yake. Sankakuwa, misozi inkangotsika. Maso ake anakumana ndi a make Mzime. Make Mzime anamva kanthu kakumubaya pansi pa nthiti, koma sanayang'ane kumbali, ndipo sanapepese.

Apolisi anamutenga masana omwewo. Anakhala m'chitokosi masiku awiri. Tsiku lachiwiri anamutulutsira m'kachipinda ka tebulo limodzi, momwe anapeza achimwene ake atakhala ndi pepala kutsogolo. Maso awo anali ofiira.

"Saina apa, upite kwanu," anatero Khansala. "Palembedwa kuti anakutuma a chipani chinacho, ndipo zilonda za mwana ndi matenda ena."

"Ndinasainapo kale pepala lanu limodzi."

"Ukudziwa zimene wawononga? A bungwe aimitsa zonse. Nsomba theka zapita. Mlamu wako wapita kwa makolo ake, akuti m'nyumba simukugoneka. Takolopa kanayi, fungo silikuchoka."

"Silichoka msanga. Mukayese sopo."

Khansala anamenya tebulo. "Ndikutengera kukhoti! Ukaolera kundende!"

"Tiyeni. Ndikafotokoze bwinobwino pamaso pa woweruza. Ndipo adzafuna aone mapepala a kalabu, adziwe kuti ndinathyola loko wa ndani. Munthu amamangidwa chifukwa chotsegula damu lake lomwe?"

Khansala anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba.

"Kuyambira lero ndilibe mlongo."

"Munalibe kuyambira kale, achimwene. Mwangodziwa lero."

Madzulo asanafike anamutulutsa. Wapolisi wa pakauntala anati wodandaula wauthetsa mlandu.

Zithunzi za tsiku lija zinayenda m'mafoni mpaka kutali. Sabata isanathe, bwana wa tayi anatulukira kumadamu ndi galimoto ya ofesi, wopanda kalata ya khansala aliyense, n'kumanga tcheni pachigudumu. Analamula kuti damu lomaliza lichotsedwe nsomba, lidzalidwe bango. Bambo a Mzime ntchito inawathera pomwepo. Anayamba kutsikira kudimba m'mawa uliwonse, iye ndi mkazi wake, kupala dothi lakuda lapamwamba n'kukalitaya kutali. Sankalankhulana zambiri, koma ankamwera botolo limodzi la madzi owiritsa.

Tsiku lina ali kudimbako anamva galimoto ya zokuzira mawu ikudutsa pamsewu.

"Bwerani nonse pabwalo la mpira masana ano! Dzamveni Khansala wanu, mtetezi wa mtsinje wathu! Munthu amene anaona vuto n'kutseka paipi ndi manja ake! Voterani madzi oyera!"

Bambo a Mzime anaimika khasu. "Wamva? Akuti anatseka ndi manja awo."

"Ndamva."

"Ndipo anthu akawavotera. Udzaona. Tavutikira chiyani nanga?"

Make Mzime anapukuta manja pachovala. "Kamusambitseni Mzime. Mumuveke kadiresi kachikasu kaja."

"Kaja n'kakafupi, kanamuthina kale."

"N'chifukwa chake."

Anafika pabwalo la mpira anthu asanachuluke, iye ndi wosoka, aliyense ndi mwana wake. Anakhala pabenchi yoyamba, moyang'anizana ndi nsanja. Make Mzime anakhazika mwana pamiyendo pake n'kumuwongola miyendo. Zilonda zinali zitapola, koma zinasiya zipsera zakuda, zozungulira, kuyambira m'mapazi mpaka m'mawondo.

Khansala anakwera pansanja anyamata ake akuimba malikhweru. Anakweza chibakera, n'kukonza pakhosi.

"Abale anga! Ine, monga munthu amene ndinakulira mumtsinje umenewu, monga kholo lokonda ana..."

Maso ake anatsikira pabenchi yoyamba.

"Amalume!" anaitana Mzime, akugwedeza dzanja.

Khansala anayambanso. "Monga kholo... lokonda..." Anayang'ana papepala, kenako kumwamba, kenako maso anabwereranso pamiyendo ija okha. Anthu anayamba kusuzumira kuti aone chimene akuyang'ana. A kumbuyo anaimirira. Kunong'onezana kunayenda mzere ndi mzere mpaka kumapeto kwa bwalo. Make Mzime sanakuwe, sanaseke. Anangokhala, maso ali pa achimwene ake, dzanja likusisita bondo la mwana.

Wapampando wa msonkhano anathamanga kukayatsa nyimbo kuti aphimbe chete uja.

Make Mzime anaweramira kwa wosoka. "Msonkhano wa mawa uli kuti?"

"Akuti kusukulu ya kutsidya. Wa mkuja kumsika."

"Tidzalawire. Mabenchi akutsogolo amadzaza msanga."